Mwana wodwala sakhala kumsana

Lachiwiri lapitali tinaseka kusikelo mpaka ana amene anali m'tulo kumsana anadzuka. Tinaseka ndithu, ena mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Lero ndikakumbukira kuseka kumeneko mtima ukundiwawa.

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ine sindikwiya msanga. Ndili ndi ana awiri aang'ono, Tadala ndi mng'ono wake Chisomo, ndipo mayi wa ana otere akamakwiya ndi kalikonse dzuwa silingamulowere ali bwino. Koma za sabata inozi zandikhala pakhosi. Ndiloleni ndilavule.

Sikelo ya kwathu, kumtunda pang'ono kwa Mtakataka, imachitikira pansi pa mtengo wa mango kamodzi pamwezi. Alangizi a zaumoyo amabwera pa njinga, n'kupachika sikelo panthambi, ife n'kukhala pansi kudikira mayina. Tsiku limenelo tinapeza galimoto loyera litaima pamthunzi wathu. Anali anthu a bungwe lina ochokera kutauni, onse atavala matisheti ofanana. Anatsitsa TV yaikulu ndi batire, n'kuziika patebulo.

Mkulu wawo, bambo wa magalasi, anaomba m'manja.

"Amayi, lero takubweretserani filimu. Ikuphunzitsani za chibayo, kuti muzichizindikira mwana asanafooke. Muonetsetse, chifukwa pamapeto tifunsa mafunso."

Tinakondwa. Ndani sakonda filimu? Kwathu kuno mzimayi wa ana salowa m'vidiyo ya pamsika, mumadzaza anyamata ndi fungo la thukuta. Ndiye filimu yokutsatira yokha pamthunzi, masana, ndi mwayi. Tinasendera pafupi.

Pambali panga panakhala Agnesi, mtsikana woyandikana naye nyumba, amene wabereka koyamba chaka chino. Mwana wake Yamikani ali ndi miyezi inayi. Mayi ake a Agnesi anamwalira kale, mwamuna wake amakhalitsa kunyanja kokapha usipa, choncho zambiri za kaleredwe amafunsa ine. Tsiku limenelo Yamikani anali ndi kachifuwa, kongoti khosu khosu mwa apo ndi apo. Ngati pansi pa mango paja panali munthu amene filimuyo inadzera, anali Agnesi.

Filimu inayamba. Tinaona mudzi kuchokera kumwamba, ngati tasanduka akhwangwala. Madenga, mtsinje, ng'ombe, madenganso, nyimbo ikulira. Zinatenga nthawi mpaka a Nachisale, mayi wogulitsa usipa pamsika amene pakamwa pawo sipakhala chotseka, anafunsa mokweza:

"Kodi chibayocho chili padenga?"

Kenako m'nyumba ya udzu munatuluka mayi wa mufilimuyo. Wokongola, sindikana. Chitenje chatsopano, chosaonapo madzi, mizere yopindira m'sitolo ikuonekabe. Tsitsi loluka lofika m'chiuno. Zikhadabo zazitali, zofiira. Ndinadzifunsa kuti ndi zikhadabo zimenezo matewera amachapa bwanji.

Atatembenuka m'pamene zinthu zinaonongeka. Kumsana anabereka chidole. Za chidole sitikudandaula, palibe mayi angabwereketse khanda lake kuti azisewera nalo padzuwa. Koma kaberekedwe kake! Miyendo yonse iwiri inali m'kati mwa chitenje, yoongoka kuloza pansi ngati mtolo wa nzimbe. Mutu wonse unali panja, ukulendewera chagada, n'kumagwedezeka mayiyo akamayenda.

"Mayo ine, khosi!" anakuwa a Nachisale. "Gwirani khosi la mwanayo, athyoka!"

Phwete linayamba pamenepo.

Kenako panafika mwamuna wake. Mayi uja anaima chilili pamaso pake n'kunena mawu awa, ndawasunga bwino chifukwa amayi akhala akuwabwereza pamjigo sabata yonse:

"Jemusi wokondedwa wanga, ndili ndi nkhawa yaikulu. Mwana wathu akuonetsa zizindikiro za matenda a chibayo, zomwe ndi kupuma mofulumira komanso kulowa m'kati kwa nthiti."

Mwamunayo, manja ali m'mbali ngati mwana wasukulu ponena ndakatulo, anayankha:

"Zikomo mkazi wanga chifukwa chondidziwitsa. Tiyeni tithamangire kuchipatala chimene tili nacho pafupi mosazengereza."

Apa ndiye panalibenso womva mnzake. "Zikomo chifukwa chondidziwitsa!" amayi ankabwereza, akumenyana pamapewa. Wina kumbuyo anati, "Akwathu akanangoti, 'Wam'patsa panado?' n'kutembenukira kukhoma." Agnesi anaseka mpaka kuwerama, Yamikani akukhosomola pamiyendo pake.

Anathamanga ndithu a mufilimuwo, mwana ali kumsana komweko, mutu uli pendapenda. Nthawi yonseyo kamera inali pankhope ya mayiyo, pandolo zake, pamisozi yake imene sinkatuluka. Nthiti za mwana sitinazione n'kamodzi komwe. Pamapeto panadutsa zilembo zing'onozing'ono, mothamanga, dzuwa likuwala pagalasi la TV. Ine ndinangokwanitsa kuwerenga mzere woyamba.

Bambo wa magalasi anazimitsa. "Tsopano amayi, mwaphunzirapo chiyani?"

"Taphunzira kuti ana akutauni ali ndi makosi olimba," anatero a Nachisale.

Bamboyo nkhope inasintha. Ndipo ananena mawu amene andilembetsa zonsezi.

"Vuto lanu amayi akumudzi ndi limeneli. Tikubweretserani chinthu chokuthandizani, inu n'kumaseka. Mwana akamwalira muziti ufiti."

Anatiwerenga mitu, anatijambula chithunzi tonse titayang'ana TV yozima, anapakira katundu wawo n'kunena kuti akuthamangira ku Golomoti, kumene amayi ena akuwadikira.

Ndiye ndikufunsa: wolakwa ndani pamenepa?

Ife tinabwera ndi maso ndi makutu. Tinasendera pafupi tokha, popanda wotikakamiza. Munthu akakuikira ndiwo zosapsa iwe n'kulavula, wamwano ndi iwe kapena wophika? Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Alendo awa anadza ndi kobuntha, katatikanika kumeta n'kunena kuti mitu yathu ndiyo yolimba.

Wina anena kuti, inu mayi, za mafilimu mukudziwapo chiyani? Zoona, kamera sindinaigwirepo. Komanso bwato sindinakwerepo, koma nsomba yowola ndimaidziwa isanafike m'poto.

Tiyambe ndi mawu aja. Amene anawalemba anakhalapo m'nyumba muli mwana wodwala? Mayi amene mantha amugwira sanena chiganizo chachitali chokhala ndi "zomwe ndi" komanso "komanso". Mpweya wonenera zonsezo autenga kuti? Pamene Tadala wanga anadwala chibayo ali wakhanda, ine ndinangoti, "Bambo a Tadala, tabwerani mudzaone mmene akupumira mwanayu." Basi. Iwo sanayankhe n'komwe. Anayang'ana, n'kutuluka kukapopa njinga.

Nanga "Jemusi" uja? Kwathu kuno dzina la mwamuna limatha tsiku limene mwana woyamba wabadwa. Kuyambira pamenepo ndi bambo a uje, mpaka kumanda. Mkazi akaitana mwamuna wake ndi dzina pabwalo, anthu amasiya zimene akuchita n'kutchera khutu, amadziwa kuti kuli ndewu. Mawu amodzi okhawo anatiuza kuti banja limeneli si lakwathu, nyumba ya udzu ija angobwereka. Ndipo ukadziwa kuti munthu si wakwanu koma akunamizira, zimene akunena sumvanso. Umangoona kunamizirako.

Wolembayo anachotsa mawu pa chikwangwani cha kuchipatala n'kuwaika m'kamwa mwa munthu. Chikwangwani chili bwino pakhoma pake. Koma munthu si khoma.

Tibwere kwa osewera. Mtsikana uja sindikumuda. Mwina sanaberekepo, ndipo si mlandu. Koma pa anthu onse amene anali naye pojambula, panalibe mayi ngakhale mmodzi woti amuuze kuti werama kaye, tambasula miyendo ya mwana m'chiuno mwako, kweza chitenje chigwire khosi? M'mudzi umene anabwereka nyumbawo munalibe azimayi? Ndikhulupirira analipo, ataima patali kuonerera, akuseka ngati mmene tinasekera ife. Kungoti palibe anawafunsa. Safunsa anadya phula.

Koma pali china chachikulu kuposa khosi lija, chimene mayi aliyense pansi pa mango paja anachiona ngakhale sanachitchule. Mwana wodwala sakhala kumsana.

Kumsana ndi kwa mwana wabwinobwino, amene ukumumva akusewera ndi tsitsi lako, iwe uli pantchito zako. Mwana akangofooka, mayi amamasula pang'ono chitenje, n'kumukokera m'khwapa kapena pachifuwa penipeni, kuti aziona nkhope yake. Amayenda masitepe asanu, n'kusuzumira. Asanu ena, n'kusuzumiranso, dzanja lili pamutu pa mwana. Palibe amene anatiphunzitsa zimenezi. Mantha ndiwo amakoka chitenjecho. Ukaona mayi panjira mwana ali m'khwapa, sufunsa kuti mukupita kuti, umangomupatukira.

Mtsikana wa mufilimu akanangochita chimenecho, kukokera chidole chija kutsogolo n'kusuzumira, ndikukuuzani, pansi pa mango paja pakanagwa chete. Tikanaiwala zikhadabo. Tikanati, uyu ndi mnzathu, mwana wake wavuta.

Kusewera si kukuwa kapena kufinya nkhope. Lachisanu Loyera chaka chatha kutchalitchi kwathu kunali sewero la masautso a Ambuye. Amene ankasewera amayi Maria ndi mayi wina wa m'kwaya, amene anaika mwana wake wamwamuna m'manda zaka zingapo zapitazo. Atatsitsa mtembo pamtanda, tonse tinkadikira kuti alire mokweza. Sanalire. Anangogwada, n'kutenga nsonga ya chitenje chake, n'kuyamba kupukuta fumbi kumapazi a mwanayo, chala chimodzichimodzi. Tchalitchi chonse chinalira m'malo mwake, ndi azibambo omwe. Panalibe kamera, panalibe nyimbo, panalibe galimoto loyera. Panali munthu wodziwa chimene manja a mayi amachita mawu akatha.

Tsono kamera. Ine mmene ndikuonera, kamera ndi chala. Ntchito yake ndi kuloza kuti, ona apa. Woonera sangayang'ane kumene akufuna, amayang'ana kumene chalacho chaloza. Ndiye ngati filimu ndi ya nthiti za mwana, chala n'kumaloza madenga ndi ndolo, mukuti ife tikaone chiyani?

Bambo a Tadala ali ndi mafilimu angapo akunja mufoni mwawo, ena a chilankhulo chimene tonse awiri sitimva ngakhale moni wake. Mu ina muli mayi amene akudikira uthenga wa mwana wake amene wapita kunkhondo. Wojambulayo sanationetse nkhope yake. Anationetsa manja okha, akutsuka mbale imodzi. Yayera kale, koma akutsukabe. Kuitembenuza, kutsukanso. Kamera ili pomwepo, yosasuntha. Ndinapezeka ndagwira pakamwa. Chilankhulo sindinamve, koma mbale ija ndinaimva, chifukwa inenso ndinasesapo bwalo loyera kale podikira uthenga wochokera kuchipatala.

Wojambula ameneyo anadekha. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Awa akwathuwa anali ndi kamera youluka kumwamba, ndiye asatiuze kuti zipangizo zinawachepera. Chinawachepera ndi kudekha kogwada pansi, kukweza kamalaya ka mwana wodwaladi, makolo ake atalola, n'kusiya kamera pachifuwa pake kwa kanthawi, popanda nyimbo, kuti timve kapumidwe kake n'kuona pansi pa nthiti pakulowa. Mayi akaona chimenecho kamodzi saiwala mpaka kukalamba.

Mwina mukuti ndikukulitsa nkhani ya filimu chabe. Imvani za Lachisanu.

M'mawa ndinapita kumjigo. Ndili pamzere, ndinaona Agnesi akubwera ndi ndowa. Chimene ndinayamba kuona si ndowayo. Yamikani anali m'khwapa. Agnesi ankayenda pang'ono, n'kusuzumira. Kuyendanso, kusuzumiranso.

Ndinasiya ndowa yanga pamzere.

"Amake Yamikani, mwana wabwera bwanji kutsogoloku?"

"Aa, palibe, achemwali. Ndi kachimfine kaja. Kungoti kuyambira dzulo akukana bere, ndiye ndimafuna ndizimuona."

"Tam'masule."

"Pompano? Ndimati nditunge kaye, ndikam'funditsire madzi osamba."

"Agnesi, tam'masule mwanayo."

Tinakhala pa simenti ya mjigo. Thupi linali lotentha. Ndinakweza kamalaya kake. Ankapuma mothamanga ngati kamwanapiye kogwidwa m'manja, ndipo akamakoka mpweya, pansi pa nthiti pankalowa m'kati, kubwerera, kulowanso. Ndinaziona pa Tadala wanga zaka zinayi zapitazo, ndipo sindinafune kudzazionanso.

"Ukuona apa?" ndinamulozera. "Ichi ndi chibayo. Tipite kuchipatala ku Mua, pompano."

Agnesi anayang'ana nthitizo, n'kundiyang'ana ine.

"Zija za mufilimu zija?"

"Zomwezo."

"Koma achemwali, mufilimu muja sanaonetse chonchi. Ine ndimangoona tsitsi la mayi uja. Ndiye ndaona izi kuyambira dzulo masana, ndimayesa ndi mmene amapumira ana akakhala ndi chimfine."

Kuyambira dzulo masana. Mtsikana amene Lachiwiri anakhala kutsogolo kwenikweni kwa TV, maso ali tong'o, kuonera filimu ya chibayo kuyambira poyamba mpaka pamapeto.

Ana anga ndinawasiyira a Nachisale, amene anali pamzere pomwepo ndipo tsiku limenelo nthabwala analibe. Anangoti, "Thamangani, ndowazi nditunga ndine." Tinapeza wa kabaza wa njinga yamoto pamsewu, tinakwera tonse awiri, mwana ali pakati pathu, pachifuwa pa mayi ake.

Kuchipatala tinapeza mzere wautali. Anamwino atangomuona mwanayo anatiitana kuti tidutse kutsogolo. Amayi ena pabenchi anayamba kung'ung'udza kuti ife tabwera kalekale, awa angofika kumene. Anamwinowo sanakangane nawo. Akudutsa naye, anangokweza kamalaya ka Yamikani n'kunena kuti, "Taonani."

Benchi yonse inasuzumira. Kung'ung'udza kunatheratu. Mayi wina amene anali ndi khanda kumsana anamasula chitenje chake mwakachetechete, n'kukokera mwana wake kutsogolo, n'kukweza kamalaya kuti aone nthiti zake.

Mawu amodzi, ndi chala choloza malo oyenera. Zimene galimoto loyera, batire ndi kamera youluka zinalephera, anamwino anazichita akuyenda.

Yamikani anagonekedwa, anamuika timapaipi ta mpweya m'mphuno ndi kumubaya jakisoni. Anamwino anauza Agnesi kuti wachita bwino kubwera, ndipo tsiku lina akadzaona zotere asadzadikire kuti kuche. Agnesi anangogwedeza mutu, misozi ikugwera pachitenje. Lamulungu ndinapita kukawaona, ndinapeza mwana wayambanso kuyamwa, akukoka bere mwaukali ngati akulipsera mtima.

Tsono inu opanga mafilimu otiphunzitsa ife akumudzi, ndimvereni. Sitikukana kuphunzira. Sitikukananso mafilimu anu, tikuwafuna, chifukwa si mtsikana aliyense ali ndi woyandikana naye amene anaonapo chibayo ndi maso. Koma musanalembe mawu, bwerani mudzakhale pamjigo tsiku limodzi, mumve mmene timayankhulira. Musanajambule, itanani mayi mmodzi wa m'mudzimo amange chitenje cha wosewera wanu. Mukamaliza, musanadzaze mafuta m'galimoto, onetsani kaye azimayi asanu. Akaseka pamene simunafune kuti aseke, musawakalipire. Akuuzani pamene filimu yanu yathyoka khosi.

Ndipo chonde, mawu aja oti mwana akamwalira tiziti ufiti, mudzawasiye kutauni komweko. Agnesi sananene za ufiti. Ananena kuti mufilimu muja sanamuonetse.

Dzulo madzulo ndinakumana ndi a Nachisale akuchokera kumsika, beseni lili pamutu. Nditawauza kuti Yamikani wayamba kuyamwa, anatula beseni pansi n'kuomba m'manja. Kenako pakamwa paja panatsegukanso.

"Nanga mnzake wa mufilimu uja, khosi linachira?"

Tinaseka, inde. Koma kwa ine kuseka kunathera panjira. Ndinakumbukira kuti galimoto lija linapita ku Golomoti, ndipo kuchoka kumeneko linapitanso kwina. Kulikonse kumene linaima, amayi anaseka khosi lomwelo, anawerengedwa mitu, anajambulidwa chithunzi, ndipo penapake palembedwa kuti anaphunzitsidwa za chibayo.

Pakati pawo panali Agnesi wina, mwana akukhosomola pamiyendo. Iyeyo, Lachisanu lake litafika, anamukwezera kamalaya ndani?